Anaphunzira kuti? Mbiri ya kufufuza maphunziro a madokotala okongoletsa thupi

Pa 23 Okutobala 2005, Mayi Stella Obasanjo, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la Nigeria pa nthawiyo, anamwalira ku Marbella m'dziko la Spain. Kunali kutatsala milungu itatu kuti akwanitse zaka 60. Sanapite kumeneko chifukwa cha matenda ayi. Anakagonekedwa pa chipatala china cholipira kuti awapope mafuta a pamimba. Opaleshoni ili m'kati, kachitsulo kopopera mafuta kanapitirira malire ake n'kulowa m'mimba, ndipo kanaboola matumbo ndi kuvulaza chiwindi. Pa mlandu, oimira boma ananena kuti dokotala anachedwa kuwathamangitsira ku chipatala chachikulu pamene zinthu zinayamba kuipa. Mu 2009 khoti la ku Málaga linapeza dokotalayo wolakwa pa mlandu wopha munthu chifukwa cha kusasamala. Linamulamula kukhala m'ndende chaka chimodzi, kuleka udokotala kwa zaka zitatu, ndi kupereka chipepeso cha €120,000.

Ngati izi zinagwera mkazi wa mtsogoleri wa dziko, amene anali ndi ndalama komanso alangizi, nanga munthu wamba amene wangoona chithunzi chokopa pa Facebook atetezedwa ndi chiyani? Kwa zaka zoposa 100, maiko akhala akulimbana ndi funso limeneli. Mbiri yake ikuonetsa kuti kukhala ndi chiphaso cha udokotala n'kosiyana ndi kuphunzira opaleshoni, ndipo nthawi zambiri lamulo lasiyira wodwala ntchito yosiyanitsa ziwirizi.

Luso lobadwira ku nkhondo

Opaleshoni yokonza nkhope monga ikudziwikira lero inakhwima pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Asilikali ambiri ankavulala kumaso chifukwa mutu ndi umene unkaonekera pamwamba pa maenje omwe ankabisalamo. Harold Gillies, dokotala wobadwira ku Dunedin m'dziko la New Zealand mu 1882, amene anaphunzira za makutu, mphuno ndi mmero, anakakamiza akuluakulu a asilikali a Britain kuti ovulala kumaso aziwasamalira pamalo amodzi. Anayambira ku Aldershot, ndipo mu 1917 chipatala cha Queen's Hospital chinatsegulidwa ku Sidcup. Kumeneko anachita maopaleshoni oposa 11,000 pa amuna oposa 5,000.

Gillies sankagwira yekha. Anali ndi madokotala a mano, anamwino, ojambula zithunzi za odwala asanachitidwe ndi atachitidwa opaleshoni, komanso ogonetsa odwala. Mmodzi wa ogonetsawo anali Ivan Magill, amene anakonza njira yolowetsera chubu chopumira pakhosi kuti dokotala azigwira ntchito kumaso wodwala akupuma bwino. Chopanira chotchedwa ndi dzina lake chikugwirabe ntchito m'zipinda za opaleshoni mpaka lero. Choncho kuyambira pachiyambi, luso limeneli linkadalira maphunziro aatali, gulu la anthu osiyana ntchito, ndi kusunga bwino mbiri ya wodwala aliyense.

Phula pansi pa khungu

Pa nthawi yomweyo kunali gulu lina la anthu amene ankagulitsa kukongola. Mu 1899 dokotala wa ku Vienna, Robert Gersuny, anayamba kubaya phula la parafini m'thupi pofuna kudzaza malo ophwa. Njirayi inafala msanga chifukwa inali yotsika mtengo ndipo siinkafuna mpeni. Anthu ankabayitsa kuti awongole mphuno kapena kufafaniza makwinya. Patapita zaka, phulalo linkasuntha, kuuma ndi kuyambitsa zotupa zovuta kuchotsa. Gladys Deacon, amene ankatchuka ndi kukongola ku Ulaya ndipo pambuyo pake anakwatiwa ku banja lachifumu la Marlborough, anabayitsa phula pamphuno ndipo linatsikira kuchibwano n'kumuwononga nkhope. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Anthu awa analibe ngakhale kumene akanafunsa, popeza kunalibe kaundula wosonyeza amene anaphunzira ntchitoyi.

Ku America vutoli linakula chifukwa cha masukulu ogulitsa madigiri. Mu 1923 nyuzipepala ya St. Louis Star inaulula kuti masukulu ena a m'chigawo cha Missouri ankapereka mapepala a udokotala kwa aliyense wolipira ndalama. M'chaka chomwecho, Henry Schireson, amene ankagwira ntchito ku Chicago, anatchuka dziko lonse atakonza mphuno ya katswiri wa zisudzo Fanny Brice. Opaleshoniyo anachitira m'chipinda cha hotela ku Atlantic City, ndipo nyuzipepala zinalemba nkhaniyo ngati chikondwerero. Odwala anayamba kukhamukira kwa iye chifukwa cha dzina la munthu wotchuka amene anamugwira. Patapita zaka zochepa, mtsikana wina wa ku Chicago amene Schireson anamuchita opaleshoni yowongola miyendo ya matewe anayamba kuola minofu, ndipo mu 1928 anamudula miyendo yonse iwiri. Schireson anapitirizabe kugwira ntchito m'zigawo zina za America kwa zaka zambiri, chifukwa chigawo chilichonse chinali ndi bungwe lakelake lopereka ziphaso.

Njira zimene Schireson ankakopera anthu ndi zomwe zikuoneka lero pa intaneti: dzina la munthu wotchuka, lonjezo la kusintha kwa msanga, ndi kusamukira kwina mbiri ikaipa.

Kubadwa kwa mabungwe oyesa akatswiri

Madokotala amene anaphunzira ntchitoyi mokwanira anaona kuti anthu sakutha kuwasiyanitsa ndi akathyali. Mu 1931 Jacques Maliniac ndi Gustave Aufricht anayambitsa bungwe la madokotala a opaleshoni yokonza thupi ku New York. Mu 1937, motsogozedwa ndi Vilray Blair wa ku St. Louis, kunakhazikitsidwa American Board of Plastic Surgery, bungwe loona zaka zimene dokotala waphunzira ndi kumulembetsa mayeso asanamupatse satifiketi ya ukatswiri. Ku Britain bungwe la madokotala otere linayamba mu 1946, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Gillies.

Kwa nthawi yoyamba, wodwala anali ndi chinthu chimene akanafunsa. Komabe panatsala mpata waukulu. Satifiketi ya ukatswiri siinali lamulo. Dokotala aliyense wokhala ndi chiphaso cha boma ankaloledwa kuchita opaleshoni iliyonse, ngakhale imene sanaiphunzire. M'zipatala zikuluzikulu, makomiti ankaletsa dokotala kugwira ntchito yoposa maphunziro ake. Koma yemwe watsegula kachipatala kake analibe womuletsa.

Mpatawu unakula pamene njira zatsopano zinafika. Mu 1962 madokotala a ku Houston, Thomas Cronin ndi Frank Gerow, anaika koyamba timatumba ta silikoni tokulitsira mabere. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Yves-Gérard Illouz wa ku Paris anafalitsa njira yopopa mafuta ndi kachitsulo kosasongoka. Mu 1987 dokotala wa khungu wa ku California, Jeffrey Klein, analongosola njira yothira madzi ambiri osakaniza ndi mankhwala ochititsa dzanzi pansi pa khungu, kotero kuti mafuta ankapopedwa wodwala ali maso. Njirayi inachepetsa kutaya magazi, koma inachititsanso kuti opaleshoni ituluke m'chipatala n'kulowa m'maofesi, kumene kulibe wogonetsa odwala kapena chipinda cha odwala mwakayakaya.

Panabukanso chisokonezo cha maina. Ku America kuli bungwe lotchedwa American Board of Cosmetic Surgery, limene dzina lake likufanana kwambiri ndi lija la mu 1937. Koma silili m'gulu la mabungwe 24 ovomerezedwa ndi American Board of Medical Specialties. Munthu wosadziwa akaona satifiketi ili pakhoma sangazindikire kusiyanako. N'chifukwa chake sikokwanira kufunsa ngati dokotala ali ndi satifiketi. Pamafunika kufunsa bungwe limene linaipereka, ndi ntchito imene satifiketiyo ikuchitira umboni.

Malamulo obwera maliro atachitika

Pa 10 Novembala 2007, Dr. Donda West, mphunzitsi wa pa yunivesite ku Chicago komanso mayi wa woimba Kanye West, anamwalira ku Los Angeles ali ndi zaka 58, tsiku lotsatira opaleshoni yochepetsa mabere ndi mimba. Ofufuza za imfa anapeza kuti anali ndi matenda a mitsempha ya mtima, kuphatikiza pa zovuta zobwera ndi opaleshoniyo. Dokotala wina amene anamuona poyamba anali atakana kumuchita opaleshoni mpaka atakapimidwa kaye. Amene anavomera kumuchita analibe satifiketi ya American Board of Plastic Surgery. Mu 2009 chigawo cha California chinakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina la mayiyu, lofuna kuti munthu apimidwe thupi ndi kupatsidwa chilolezo cholembedwa asanachitidwe opaleshoni yokongoletsa. Nkhaniyi inaonetsa chizindikiro china cha dokotala wodalirika, chimene sichilembedwa pa satifiketi: amatha kukana wodwala.

Mu Malichi 2010 boma la France linaletsa timatumba ta mabere ta kampani ya Poly Implant Prothèse litapeza kuti munali silikoni wa m'mafakitale m'malo mwa wovomerezeka kuikidwa m'thupi. Amayi pafupifupi 300,000 m'maiko ambiri anali ataikidwa kale timatumbati, ndipo pafupifupi 47,000 mwa iwo anali a ku Britain. Mwini kampaniyo, Jean-Claude Mas, analamulidwa mu 2013 kukhala m'ndende zaka zinayi. Chimene chinadabwitsa akuluakulu a zaumoyo ku Britain n'chakuti amayi ambiri sankadziwa mtundu wa timatumba timene ali nato, zipatala zina zinalibe zolemba zokwanira, ndipo zina zinakana kuchotsa timatumbato popanda malipiro.

Boma la Britain linapempha Sir Bruce Keogh, mkulu wa madokotala m'bungwe la NHS ku England, kuti aunike ntchito yonse yokongoletsa thupi. Lipoti lake la mu Epulo 2013 linati munthu wobayitsa mankhwala odzaza khungu analibe chitetezo choposa cha munthu wogula cholembera kapena mswachi. Zotsatira zake zinabwera pang'onopang'ono. Mu 2016 bungwe la General Medical Council linalamula kuti dokotala amene adzachite opaleshoni ndi yemwe azikambirana ndi wodwala ndi kulandira chilolezo chake, osati wogulitsa malonda, komanso kuti wodwala azipatsidwa nthawi yoganizira. Chaka chomwecho kunayamba kaundula wa timatumba ta mabere. Mu 2017 bungwe la Royal College of Surgeons of England linayamba kupereka satifiketi ya opaleshoni yokongoletsa, koma kuitenga n'kodzifunira.

Kenako kunabwera opaleshoni yokulitsa mbina, imene amapopa mafuta pamimba kapena m'chiuno n'kuwabaya kumatako. Mafuta akabayidwa mozama m'minofu amatha kulowa m'mitsempha ikuluikulu ya magazi n'kukatseka njira za magazi kumtima ndi m'mapapo, ndipo munthu amatha kufera pa tebulo pomwepo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anayerekeza kuti munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 3,000 ankamwalira, chiwerengero choposa cha opaleshoni ina iliyonse yokongoletsa. Mu 2018 bungwe la madokotala okongoletsa thupi ku Britain linapempha mamembala ake kuti ayambe aleka opaleshoniyi. Mu 2019 chigawo cha Florida chinaletsa kubaya mafuta m'minofu ya matako. Mu 2022 bungwe la ku Britain lija linavomerezanso opaleshoniyi, pokhapokha mafuta akubayidwa pansi pa khungu penipeni, dokotala akuona ndi makina ounikira m'thupi. Apa kusiyana kwa moyo ndi imfa kuli pa masentimita ochepa, ndipo dokotala amakudziwa pokhapokha ataphunzira bwino mmene mitsempha imayendera.

Dziko la Australia ndi limene linafika pogwira dzina lenilenilo. Mu Okutobala 2021 pulogalamu ya pa wailesi ya kanema ya Four Corners, pamodzi ndi nyuzipepala za The Sydney Morning Herald ndi The Age, inaulula uve ndi kusasamala m'zipatala zina zotchuka pa intaneti. Anthu anadabwa kumva kuti dokotala wa digiri yoyamba yokha ankaloledwa kudzitcha dokotala wa opaleshoni yokongoletsa. Kuyambira pa 1 Julayi 2023, wofuna opaleshoni yotere ayenera kukhala ndi kalata yochokera kwa dokotala wina, kuonana ndi achipatala kawiri asanachitidwe, kupimidwa ngati ali ndi vuto la m'maganizo lodziona wopunduka pamene sali, ndi kudikira masiku osachepera 7 atapereka chilolezo. M'chaka chomwecho lamulo linasintha kuti dzina lakuti surgeon lizigwiritsidwa ntchito ndi okhawo olembedwa ngati akatswiri a opaleshoni, a matenda a amayi ndi uchembere, kapena a maso. Panali patapita zaka 100 chichitikire opaleshoni ya Fanny Brice m'chipinda cha hotela.

Zimene mbiriyi ikusiyira ogwira ntchito zaumoyo

Ku Malawi, ntchito yaikulu ya madokotala okonza thupi ndi yothandiza amene apsa ndi moto, ana obadwa ndi milomo yong'ambika, ndi ovulala pa ngozi. Koma zotsatsa za zipatala za ku South Africa, Turkey ndi India zimafika pa foni ya aliyense, ndipo wobwerako ndi bala lotukusira amathamangira ku chipatala cha kwawo. Namwino, mlangizi wa zaumoyo kapena wogwira ntchito mongodzipereka ndi amene angafunsidwe nzeru ndi m'bale kapena mnansi asanagule tikiti. Kumudzudzula munthuyo sikuthandiza, chifukwa amangosiya kufunsa n'kupita mwakabisira. Chothandiza ndi kumupatsa mafunso amene mbiriyi yasiya.

Loyamba ndi la kaundula. Dokotala ayenera kupezeka m'kaundula wa bungwe la boma la dziko limene akugwirako ntchito. Ku Malawi ndi Medical Council of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987, limene limalembetsa madokotala ndi kupereka chilolezo kwa zipatala zolipira. Ku South Africa ndi Health Professions Council of South Africa, ku Zambia ndi Health Professions Council of Zambia, ndipo ku Britain ndi General Medical Council. Kaundula wa ku South Africa ndi wa ku Britain amapezeka pa intaneti, ndipo munthu angafufuze dzina la dokotala asanachoke pakhomo. Dzinalo lifufuzidwe kwa bungwe lenilenilo, osadalira chithunzi cha satifiketi chotumizidwa pa WhatsApp.

Lachiwiri ndi la ukatswiri. Kaundula amasonyeza ngati munthu ndi dokotala wamba kapena katswiri, komanso ukatswiri wake. M'chigawo chino cha Africa, akatswiri a opaleshoni amayesedwa ndi mabungwe monga College of Surgeons of East, Central and Southern Africa, limene linayamba mu 1999, ndi Colleges of Medicine of South Africa. Satifiketi ya maphunziro a masiku owerengeka kapena umembala wa bungwe lolowa pongolipira si umboni wa ukatswiri. Ndi bwinonso kufunsa kuti dokotalayo wachita kangati opaleshoni imene ikufunidwayo, ndi mavuto amene odwala ake anakumanapo nawo. Wonena kuti sanaonepo vuto lililonse ngwokayikitsa.

Lachitatu ndi la malo ndi gulu. Imfa ya Mayi Obasanjo inaonetsa kuti ngozi ikachitika, maola otsatira ndi amene amapulumutsa kapena kupha. Wodwala adziwe amene adzamugonetse ndi maphunziro ake, ngati chipatalacho chili ndi chilolezo, ngati pali magazi ndi mpweya wa okosijeni, amene adzamuyang'anire usiku woyamba, ndi chipatala chachikulu chimene angatumizidweko zinthu zikavuta.

Lachinayi ndi la kupimidwa ndi nthawi. Dokotala amene sakufunsa za kuthamanga kwa magazi, shuga, matenda a mtima, kusuta fodya ndi mankhwala amene munthu akumwa, kuphatikizapo ma ARV, sakuganizira za moyo wa wodwalayo. Kutsitsa mtengo kwa amene alipire lero lomwe, kapena kuonana ndi dokotala koyamba m'mawa wa tsiku la opaleshoni, ndi zomwe malamulo a ku Britain ndi Australia anafuna kuthetsa.

Lachisanu ndi la zolemba ndi chisamaliro cha pambuyo. Wodwala abwerere ndi pepala lofotokoza opaleshoni imene yachitika, mankhwala amene wapatsidwa, ndipo ngati waikidwa chinthu m'thupi, dzina la kampani ndi nambala yake. Adziwe amene adzalipire ngati pafunika opaleshoni yachiwiri. Ulendo wautali wa pandege masiku ochepa chichitikire opaleshoni umawonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'miyendo, choncho tsiku lobwerera ligwirizane ndi uphungu wa dokotala, osati ndi mtengo wa tikiti.

Wogwira ntchito zaumoyo akalandira munthu wochokera ku opaleshoni yotere ali ndi kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'mimba, kubanika, kupweteka pachifuwa, kutupa mwendo umodzi kapena bala lotuluka mafinya, amutumize msanga ku chipatala chachikulu. Odwala ena amabisa zimene achita chifukwa cha manyazi, choncho mafunso afunsidwe mwaulemu ndi poduka mphepo. Dzina la chipatala ndi la dokotala zilembedwe m'buku la wodwala. Ngati opaleshoniyo inachitikira m'dziko muno kwa munthu wosalembetsedwa, nkhaniyo ikafike ku Medical Council of Malawi. Malamulo ambiri amene atchulidwa m'nkhani ino anayamba ndi wodwala amene vuto lake linalembedwa n'kukafika kwa oyenera kulimva.